Kusankha ndi Kumanga Nsambo Zosalala pa Gitala ya Besi

 Tikambirane za nsambo zosalala za gitala ya besi, zija ogulitsa amazitcha flatwound, kuti mudziwe masankhidwe ake ndi mamangidwe ake, ndalama zanu zingalowe m'madzi.

Nsambo ya besi ili ndi waya pakati, ndipo pamwamba pa wayayo amakulungapo chitsulo china. Chokulungacho chikakhala waya wobulungira, nsambo imakhakhala, ndipo mawu ake amatuluka akuthwa. Koma chikakhala kaliboni kachitsulo kaphanthiphanthi, koyalidwa mothithikana ndi kupalidwa bwino, nsambo imasalala, chala chimatsetsereka mwakachetechete, ndipo mawu amatuluka okhuthala, akuya, osachedwa kuzima. Pamene Leo Fender anatulutsa Precision Bass mu 1951, nsambo zake zinali zotere. Zokhakhalazo zinadzatchuka pambuyo pake, makamaka kuyambira 1966, kampani ya Rotosound ya ku England itakonza zake mothandizana ndi John Entwistle wa gulu la The Who. James Jamerson, amene besi yake inanyamula nyimbo zambirimbiri za Motown ku Detroit, ankamanga nsambo zosalala zonenepa za La Bella, ndipo sankazisintha pokhapokha ina itaduka, pakuti nsambo yosalala ikamakalamba mawu ake amakomerakomera.

Musanapite kukagula, dziwani zinthu zitatu, popeza safunsa anadya phula. Choyamba ndicho utali. Magitala ambiri a besi ali ndi mainchesi 34 kuchokera pa briji kukafika pa kachidutswa ka kumutu kamene nsambo zimadutsapo, koma ena, monga Höfner ya Paul McCartney, ali ndi mainchesi pafupifupi 30. Nkhani yautali ili ndi kulemera kwake pano, chifukwa gawo lonenepa la nsambo yosalala siliyenera kukulungidwa pa kiyi. Likapindidwa pamenepo kaliboni kaja kamatseguka, nsambo n'kufa isanaimbe. Chokulungidwa pa kiyi chikhale nsonga yowonda yokha, imene kawirikawiri imavekedwa ulusi.

Chachiwiri ndicho kunenepa. Paketi yolembedwa 45 mpaka 105 ndi yapakatikati; ya 52 mpaka 110, yonga ya Jamerson, imakoka khosi la gitala mwamphamvu ndipo imafuna zala zozolowera; pamene za Thomastik-Infeld za ku Vienna, za 43 mpaka 100, n'zofewa kwambiri m'manja. Amene mwangoyamba kumene, kapena amene gitala yanu ili ndi khosi lofooka, yambani ndi zopepuka.

Chachitatu ndicho njira imene nsambo imadzera. Pa magitala ena nsambo imalowera kumbuyo kwa briji n'kuyenda chogona. Pa ena imalowera kumsana kwa gitala, n'kubowola thupi lonse, n'kudzapindika kwambiri pokwera pa briji. Kupindika kumeneku nsambo yosalala sikugwirizana nako, ndipo a La Bella eni ake amachenjeza kuti nsambo zawo zosalala zamasiku onse zisadzere m'thupi, n'chifukwa chake anakonza zina zapadera za ntchito imeneyo. Tsono ngati gitala yanu ikulola njira zonse ziwiri, dzeretsani pa briji. Ngati ikulola ya m'thupi yokha, werengani paketi, muonetsetse kuti nsambozo zinapangidwira njira imeneyo ndi kuti utali wake ukukwana.

Tsopano tifike pomanga penipeni. Gonekani gitala pa tebulo loyalapo nsalu, ndipo sinthani nsambo imodzi imodzi, kuti khosi lisamasuke mwadzidzidzi. Mukailowetsa pa briji, ikokereni kufikira pa kiyi wake, muonjezerepo masentimita 8 kapena 10, ndipo musanadule, ipindeni kaye ndi pulayazi kuti ipange ngodya, kenaka dulani kutsogolo kwa popindapo. Mukadula isanapindidwe, chokulunga chija chikhoza kumasuka pa waya wa pakati, nsambo n'kukhala yosalankhula. Lowetsani nsonga m'kabowo ka pakati pa kiyi, ndipo pokulunga zunguzani kiyiyo, osazunguza nsambo ndi dzanja, chifukwa nsambo yopotoka imatulutsa mawu onjenjemera amene simungawachize ndi kuchuna. Mizere ikhale iwiri kapena itatu, uliwonse pansi pa unzake, osakwerana, kuti nsambo itsike bwino pa kachidutswa ka kumutu kaja. Ikayamba kulimba, ikanikizeni ndi chala chachikulu patsogolo pa briji kuti ikhazikike, muichune, muikoke pang'ono pang'ono, muichunenso, kufikira E, A, D ndi G zonse zitaima pamalo pake.

Ntchito sithera pamenepo. Popeza nsambo zosalala zambiri zimakoka kuposa zokhakhala, yang'anani khosi patapita tsiku limodzi kapena awiri. Ngati lawerama ndipo nsambo zakwera, chitsulo cha m'kati mwa khosi chifunika kumangitsa pang'ono, ndipo amene simunachigwirepo, pitani ndi gitalayo kwa mmisiri wodziwa. Yesaninso mawu pa fureti ya 12, muone ngati akugwirizana ndi a nsambo yosagwira. Ndiponso musafulumire kuziweruza, pakuti zikakhala zatsopano zimalira mwaukali ndipo zimamata zala, koma zikaimbidwa milungu ingapo zimafatsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chotero, abale anga, yezani gitala yanu musanagule, pewani kupinda nsambo mopyola muyeso, ndipo muziipukuta ndi kansalu kouma nthawi zonse mukatha kuimba. Mukatero nsambo zimenezi zidzakutumikirani zaka zambiri.