Mkamwini wogwa pamaso pa apongozi

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27 wa ku Mvera, ndipo chinkhoswe changa chayandikira. Ndikangoona apongozi mtima umathamanga, m'manja mumatuluka thukuta, kukamwa kumauma, m'mimba mumabwadamuka mpaka ndimafunsa kumene kuli chimbudzi. Lamulungu lapitali, potilengeza m'tchalitchi, ndinaima nthawi yaitali, m'maso munachita mdima, ndipo ndinatsitsimuka ndili pansi anthu akundikupiza. Amalume akuti wandilodza ndi mtsikana amene ndinamusiya. Ndipite kwa sing'anga?

Wothedwa nzeru, Mvera

Mwana wanga,

Ndilole ndiseke kaye. Mwamuna wandevu zake, amene unalimba mtima n'kufunsira mwana wa eni ake, lero mawondo akugwedezeka poona mayi amene anamubereka? Walira mvula walira matope. Unafuna mkazi, apongozi abwera nawo. Mtsikana unamusiyayo mulekeni apume, mwina anakuiwala kalekale. Ndipo mbuzi imene amalume ako akufuna kukapereka kwa sing'anga isungeni, idzathandiza pa chinkhoswe.

Koma wachita bwino kufunsa, poti safunsa anadya phula. Tamvera tsono.

Kodi unayamba wauzapo mtima wako kuti ugunde? Nsima ya mphale ukaimeza, ndiwe umailondolera njira m'matumbo? Ukagona tulo tofa nato, amakupumira ndani? M'thupi mwathu muli mitsempha, osati ya magazi ayi, koma yonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo ndi kumsana kupita ku mtima, m'mapapo, m'mimba, m'chikhodzodzo, pakhungu. Imagwira ntchito usana ndi usiku osakupempha chilolezo. Ndi imene imatulutsa malovu ukamva fungo la nyama yowotcha, ndi imene imaimitsa tsemwe ukamatuluka m'nyumba m'mamawa wa mwezi wa June.

Mitsemphayi ili pawiri. Taganizira dalaivala wa minibasi akutsika mapiri a ku Mvera kulowera ku Salima: pena aponda mafuta, pena aponda buleki. Gulu limodzi ndi la mafuta. Ubongo ukangoganiza kuti pali choopsa, gululi limadzutsa tizinthu tiwiri tokhala pamwamba pa impso, n'kuthira m'magazi madzi otchedwa adrenaline. Mtima, umene munthu wamkulu akakhala phee umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi, umayamba liwiro. Magazi amachoka m'mimba kuthamangira m'miyendo ndi m'mikono, malovu amaima, thukuta limatuluka. Thupi likukonzeka kuthawa kapena kumenya. Makolo athu chinawapulumutsa kwa afisi ndi akambuku m'mapirimo n'chimenechi. Tsoka lake, thupi silisiyanitsa kambuku ndi apongozi atavala chitenje chawo cha Chigwirizano.

Gulu linalo ndi la buleki. Mtsempha wake waukulu achipatala amautcha vagus. Umachokera kumunsi kwa ubongo, kutsika m'khosi, kudutsa pamtima mpaka m'matumbo. Ndiwo umakhazika mtima pansi, ndiwo umakupatsa ulesi uja ukatha mitanda itatu ya nsima masana.

Za kugwa kwako tsono, apa mpofunika kumvetsa bwino chifukwa mpamene amalume agwirapo. Ndikukayika ngati unadya kanthu m'mawa umenewo. Unavala suti, kunja kukutentha, mantha ali tho, n'kuima njo osasuntha phazi. Munthu akaima chotero magazi amadikha m'miyendo. Kenaka buleki inapondedwa mwadzidzidzi: mtima unachepetsa liwiro, mitsempha ya magazi inamasuka, ku ubongo kukafika magazi ochepa. Ndiye mdima uja. Utagona pansi, mutu n'kulingana ndi mtima, magazi anabwerera ndipo unatsitsimuka posakhalitsa. Zimagwera asilikali pa perete, ngakhale alonda a mfumu ku London amagwa ndi zipewa zawo zazitalizo. Asilikali muli nawo pa Mvera pomwepo, tawafunsani. Ndipo mishoni yanu ya pa Mverayo inayamba m'chaka cha 1889, nthawi ya amishonale Murray ndi Vlok. Ukuganiza kuti pa akwati onse amene aima kutsogolo kwa mpingo kuyambira pamenepo, woyamba kugwedezeka mawondo ndi iwe?

Manyaziwo ndikuwamva, mwanawe. Pamudzi nkhani siichedwa, ndipo pofika pamsika imakhala itamera mapiko. Koma chimene ndikuopa ine ndi chakuti uyambe kuzemba apongozi, iwo n'kumati mkamwini wathu ndi wonyada, mkazi wako n'kumalira yekha osadziwa chalakwika. Muuze bwenzi lakoyo zoona zake lero lomwe. Mupemphe akuperekeze kwawo masiku wamba, ukakhale pakhonde, ukawathandize kukonola chimanga. Thupi limazolowera. Ulendo wachitatu udzaona mtima wayamba ulesi.

Pa tsiku la chinkhoswe udye phala m'mawa, umwe madzi okwanira. Anzako adzakupatsa kabotolo ati kolimbitsa mtima, ukane. Mowa umamasula mitsempha ya magazi n'kuchotsa madzi m'thupi, ndiye udzagwa kachiwiri, ulendo uno ukununkha kachasu. Zakumwa zopatsa mphamvu zija nazo zimangowonjezera liwiro la mtima. Mantha akabwera, koka mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno uwerenge mpaka 4, uutulutse mofatsa uwerenge mpaka 6, ubwereze kangapo. Kupuma ndi khomo limene mitsemphayi inakusiyira lotsekula, ndipo potulutsa mpweya mpamene mtima umatsika. Ukaima nthawi yaitali uzigwedeza zala za kuphazi m'nsapato, uzilimbitsa akatumba. Ukamva makutu akulira, thukuta lozizira, m'maso mukuda, khala pansi pomwepo, usadikire kuti ankhoswe amalize mawu awo, poti ankhoswe samaliza msanga. Uuzenso mnzako woima naye kuti ukagwa akugoneke chagada, akweze miyendo yako, amasule tayi, ndipo pasapezeke wokuthira madzi m'kamwa usanatsitsimuke.

Pano sindikuseka. Ngati umakomoka uli pa ntchito yolemetsa, ukuthamanga, kapena utagona. Ngati pachifuwa pamapweteka. Ngati anakuona ukuphupha nthawi yaitali kapena unadziluma lilime. Ngati kwanu alipo anamwalira mwadzidzidzi ali wachinyamata. Ngati ukuwonda, ludzu silikutha ndipo ukukodza pafupipafupi, usachedwe kupita kuchipatala. Shuga, kuchepa kwa magazi, khunyu ndi matenda a mtima zimatha kubisala kuseri kwa kukomoka. Ngakhale palibe chimodzi mwa izi, pita kuchipatala cha pa Mvera sabata ino akakuyeze BP utagona ndiponso utaima, akaone shuga ndi magazi. Akaona kofunika adzakutumiza ku Dowa kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Utenge amalume akuperekeze, nawonso akayezetse BP yawo.

Azakhali