Khutuba ya Ijumaa: Malipiro a Wantchito Wathu

Kutamandidwa konse ndi kwa Allah, ndipo mtendere ndi madalitso zikhale pa Mtumiki Muhammad, akubanja kwake ndi maswahaba ake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, chaka ndi chaka boma la Mozambique limakhala pansi ndi olemba ntchito a CTA pamodzi ndi mabungwe a antchito, OTM-CS ndi CONSILMO, kukhazikitsa malipiro ochepetsetsa a gawo lililonse la ntchito. Mu 2024 wantchito wa zaulimi anamuikira mameticais 6,338 pamwezi, kuchoka pa 5,800 ya 2023. Lamulo limafunanso kuti wantchito alembetsedwe ku INSS, kumene bwana amapereka magawo 4 pa 100 aliwonse a malipiro, wantchito magawo 3. Ndalamayo inali yochepa poyerekeza ndi mtengo wa feteleza ndi sopo, komabe mu 2024 inali malire amene bwana sankayenera kutsika pansi pake.

Tinene zoona: lamuloli silifika kudimba. Kuyambira ku Domué mpaka ku Calómuè, wokumba mbatata ya kachewere, wosoka fodya ndi wosenza matumba pamsika wa Ulónguè ndi waganyu, wopanda pepala lililonse. Amene timamulemba ndi ife tomwe takhala mumzikiti muno. Ndife timamuuza kuti tidzamuona tikagulitsa, kenako miyezi n'kudutsa, ana ake akugona ndi njala.

Mu Surat Al-Qasas timamva kuti Mneneri Musa asanayambe ntchito ku Madyan, anagwirizana kaye ndi womulemba za zaka zisanu ndi zitatu ndi malipiro ake. Ifenso titchule mtengo wa ndime khasu lisanagunde pansi. Surat Al-Mutaffifin ikudzudzula opungula muyeso. Tsono wolipira waganyu ndi chimanga cha m'ndowa yophwanyidwa kunsi adziyese yekha. Ndipo hadisi ya mu Bukhari ikutichenjeza kuti wogwiritsa munthu ntchito yonse n'kumumana malipiro, Allah Mwini adzatsutsana naye tsiku la Kiyama. Pamenepo sipadzakhala metikali yolipirira. Adzachotsa pa zabwino zathu.

Inu olembedwa ntchito m'masitolo ndi m'zigayo, ngati akukulipirani mochepera malire aja, musaope kukadandaula ku Inspecção Geral do Trabalho. Kufuna chanu si kupanda ulemu. Inu amene muli ndi ngongole ya waganyu, tikamaliza swala ino pitani kwawo musanapite kwanu.