Magazi a Kamfuno Akakana Kuleka

Uthenga kwa mabanja a ku Chezi ndi midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Kuyambira mphepo ya mwera mu Juni ndi Julayi mpaka dzuwa la mu Okutobala, ana ndi akulu ambiri amatuluka kamfuno. Mpweya umakhala wouma, fumbi ndi utsi wa kukhitchini zili m'mphuno tsiku lonse, ndiye kakhungu ka m'kati kamachita ming'alu ngati chidendene. Pa anthu 10 otuluka kamfuno, pafupifupi 9 magazi amachokera kutsogolo kwenikweni, pakhoma lofewa lolekanitsa mabowo awiri a mphuno, pamene pamakumana timitsempha tambiri. Mpamenenso pamafika chala cha mwana akamatokosa m'mphuno. Popeza mpafupi, zala ziwiri zimatha kuletsa magaziwo.

Yambani ndi zala

Mukhazikeni wodwala tsonga, aweramire kutsogolo pang'ono. Tsinani mbali yofewa ya mphuno, kunsi kwa fupa, mabowo onse atsekeke, iye azipumira pakamwa. Gwirani mphindi 15 poyang'ana nthawi pafoni. Ambirife timalakwitsa apa: mphindi ziwiri zisanathe tasiya kale kuti tione ngati aleka, ndipo magazi amene amayamba kuundana amasweka. Ofika m'kamwa alavulire m'kambale.

Musamugoneke chagada, musapendeketse mutu kumbuyo. Magazi saleka, amangolowera kummero, kenako wodwala amasanza, inu osadziwa kuti wataya ochuluka bwanji. Zala zisachoke pamphuno. Masamba, nyuzipepala, thonje kapena fodya wofwenkha musaike m'mphuno. Zimakanda chilonda, zimalowetsa tizilombo, ndipo pozichotsa magazi amayambiranso.

Nyamukani msanga ngati mwatsina kawiri koma akutulukabe, ngati akutsikira kummero mphuno ili yotsina, kapena wodwala akumva chizungulire, wayera m'manja, akufuna kukomoka. Musadikirenso ngati kamfuno wabwera atagwa pa kabaza kapena atamenyedwa m'mutu, atalumidwa ndi njoka, ngati nkhama nazo zikuchucha magazi, ngati ndi mayi woyembekezera, mwana wosakwana zaka 2, kapena agogo a matenda a BP. Pa njinga yamoto, wina akhale kumbuyo kumugwira, mphuno ili chitsinire. Tengani kabuku ka kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa. Asipirini ndi warfarin amachedwetsa magazi kuundana, ndipo adokotala ayenera kudziwa.

Zimene mukapeze kuchipatala

Pitani pomwe mwayandikira, kaya ndi kwa masisitere a St. Mary's pa Chezi, ku Mvera, kapena chipatala cha boma cha Dowa kapena Ntchisi. Namwino amayeza BP ndi kugunda kwa mtima, ndipo ngati mwataya ambiri amayezanso kuchuluka kwa magazi m'thupi. Adokotala amaunika m'mphuno ndi tochi. Nthawi zina amaikamo thonje lonyowetsedwa ndi mankhwala a dzanzi ndi ofinya mitsempha. Akaona pamene pakuchucha, angathe kupawotcha ndi kamtengo ka mankhwala a silver nitrate.

Zimenezi zikakanika, amatseka mphuno ndi bandeji. Ndi kansalu kopyapyala, katali, kopakidwa vaselini. Amakalowetsa ndi kachitsulo kopanira, kuyambira pansi pa bowo la mphuno, nkumakapinda m'mizeremizere mpaka bowo litadzaza thothotho. Achibale ambiri amadabwa kuona kutalika kwa nsalu imene yalowa, poti njira ya mphuno imapita chakumbuyo, kulozera kummero, osati m'mwamba. Zipatala zina zili ndi kasiponji kouma kamene kamafufuma kakanyowa. Ntchito yake ndi imodzi: kupanikiza mtsempha kwa maola ambiri, zimene chala sichingathe.

Tisakunamizeni, sizikoma. Misozi imatuluka yokha, mutu umalemera, kukamwa kumauma chifukwa chopumira pakamwa. Mayi, mugwireni mwana pamiyendo panu, manja ake muwafungatire, mumuuze kuti adokotala sachedwa kumaliza.

Pali magazi ena ochokera kumbuyo kwenikweni kwa mphuno, makamaka kwa achikulire. Pamenepo amalowetsa kachubu ka mphira kokhala ndi kabaluni kunsonga, nkukafufumitsa kuti katseke kumbuyoko. Wodwala wotere amagonekedwa m'chipatala, ndipo angatumizidwe ku Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene kuli madokotala a makutu, mphuno ndi mmero. Akakuuzani za ulendowu, musapemphe kuti muyambe mwakafika kunyumba.

Bandeji ili m'mphuno

Kawirikawiri imakhala maola 24 mpaka 48, nthawi zina masiku 3. Woichotsa ndi wachipatala, pa tsiku limene walemba m'kabuku. Ngakhale iyabwe bwanji, musaisolole, ndipo ana muziwayang'anira usiku. Musaisiyenso kupitirira tsikulo poti mukumva bwino kapena ndalama ya ulendo yasowa, chifukwa bandeji yokhalitsa imaweta tizilombo toopsa tofalikira m'thupi lonse. Gonani mutu uli pamwamba, imwani madzi pafupipafupi. Mutu ukamapweteka imwani panado. Asipirini, bulufeni ndi indosidi za pagolosale zisiyeni. Ngati asipirini kapena warfarin anakulemberani ndi adokotala, afunseni iwowo musanasiye.

Ikachotsedwa, kwa sabata yathunthu musamine mwamphamvu, musatokose, ndipo khasu, musi, mtolo wa nkhuni ndi chidebe cha madzi zigwire ena. Tiyi ndi phala zizizireko kaye. Mowa ndi fodya ayi. Pakani vaselini pang'ono m'mphepete mwa bowo m'mawa ndi madzulo, ana muwawenge zikhadabo. Akulu, pitirizani kuyezetsa BP.

Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku, ngati magazi akudutsa bandeji, thupi latentha, pakhungu patuluka zidzolo, m'mphuno mukununkha, bandeji yatsetserekera kummero, kapena wodwala akubanika.