Kope la ngongole pa okala: lilembeni monga amachitira a database

Pafupifupi okala iliyonse ya pakhomo ili ndi kope lake la ngongole. Limakhala kuseri kwa kauntala, masamba ake atathimbirira ndi mafuta ophikira, ndipo mkatimo mumangolembedwa kuti "a Phiri, shuga, sopo", tsiku osalembapo. Mwezi ukatha mkangano umabuka. A Phiri ake ati, poti m'dera muno alipo atatu? Nanga ndalama ija anabweza Lachisanu inalembedwa pati?

Mabanki ndi makampani a foni nawo ali ndi vuto lomweli, kungoti anthu awo ndi mamiliyoni. Chida chawo ndi database, nkhokwe ya pakompyuta yosungiramo zolembedwa mwadongosolo. Maziko a ambiri mwa ma database a lero anayalidwa mu 1970 ndi Edgar F. Codd, katswiri wa masamu wa kampani ya IBM, amene anati zinthu zizisungidwa m'matebulo olumikizana. Ngakhale m'foni yanu ya Android muli ina yotchedwa SQLite, imene D. Richard Hipp anaitulutsa mu 2000. Koma malamulo a database salira kompyuta. Kope lachikuto cholimba, rula ndi bolopeni n'zokwanira.

1. Gawani kope patatu

Gawo loyamba likhale la anthu: dzina, kumene amakhala, nambala ya foni. Lachiwiri likhale la katundu ndi mitengo yake. Lachitatu, lomwe lidye masamba ambiri, likhale la zochitika: tsiku, wokongola, chimene watenga, ndalama zake, ndi zimene wabweza. Gawo lililonse ndilo tebulo. Mzere umodzi uzinena za chinthu chimodzi basi.

2. Munthu aliyense mumpatse nambala

Apa ndiye pagona nkhani. A Phiri a pachigayo akhale 007, a Phiri a kutchalitchi 012, a Phiri aphunzitsi 019. Akatswiri amaitcha primary key, ndipo ndi nzeru yomweyo imene bungwe la NRB linagwiritsa ntchito pa kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017: mayina amafanana, nambala ayi. Munthu akasamuka, nambala yake musampatse wina. Ipume naye limodzi.

3. Chinthu chimodzi chilembedwe pamalo amodzi

Nambala ya foni ya munthu ikhale m'gawo loyamba mokha. Mukailemba pamasamba asanu, tsiku limene adzasinthe layini mudzakonza patatu n'kuiwala pawiri, ndipo simudzadziwanso yoona ndi iti. M'gawo la zochitika lembani 012 yokha. Nambalayo ndiyo chingwe chomangira magawo awiriwo.

Mtengo wokha ndiwo muziulemba pa ngongole iliyonse monga unalili tsikulo. Amene anali ndi okala mu Novembala 2023, kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, akukumbukira mmene mitengo inkasinthira. Wokongola shuga dzulo sangalipire mtengo wa lero pokhapokha munapangana choncho.

4. Musafufute

Munthu akabweza K2,000 pa ngongole ya K5,000, musadule 5 n'kulembapo 3. Lembani mzere watsopano: tsiku, 012, wabweza K2,000. Mukalakwitsa, jambulani kamzere kamodzi pamwamba pa cholakwikacho kuti chiziwerengekabe, kenako lembani choona pansi pake. Ngati walipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, koperani nambala ya malipiro imene yabwera mu uthenga. Tsiku la mkangano, nambala imeneyo ndiyo mboni yanu.

5. Zichitike zonse, apo ayi chisachitike chilichonse

Database yabwino silola ntchito kuthera panjira: ndalama zikachoka kwa wina, ziyenera kulembedwa kwa winayo, zikakanika zonse zibwerere mwakale. Inunso katundu asatuluke pazenera musanalembe, ndipo wobweza asatembenuke musanawerenge ndalama ndi kulemba iye akuona. Mawu akuti "ndilemba madzulo" agwetsa ma okala ambiri.

6. Dziwani amene akugwira kope

Ngati ana amagulitsako akaweruka kusukulu, aliyense aziika chilembo choyamba cha dzina lake kumapeto kwa mzere umene walemba. Kope likhale limodzi. Kapepala kapadera ka m'thumba ndiko kamabala mabodza. Komanso lisamasiyidwe chitsegukire pakauntala. Ngongole ya munthu ndi chinsinsi chake, ndipo wogula akaona dzina la mnansi wake mmenemo, mawa nkhani ili pamjigo.

7. Sungani kwina chithunzi cha masamba

Madzi akatayika saoleka. Namondwe Freddy atagwa mu Malichi 2023, matope a m'phiri la Soche anakokolola nyumba ku Chilobwe pamodzi ndi zonse zinali m'katimo. Lamlungu lililonse jambulani ndi foni masamba atsopano, muwatumize kwa wachibale wodalirika wokhala dera lina kapena muwaike pa Google Drive. Kope lenilenilo lizigona m'jumbo yomanga pakamwa, pamalo okwera.

8. Lifunseni mafunso

Ubwino wa dongosolo lonseli umaoneka mwezi ukatha. Tsatani chala m'gawo lachitatu, phatikizani zonse za 012, chotsani zimene wabweza, ndipo zotsalazo ndizo mupite nazo kwawo. Mudzaonanso amene wadutsa miyezi iwiri osabweza kanthu, ndi katundu amene amatuluka kwambiri pangongole. Mukadzafuna kusamukira pa Excel kapena Google Sheets, magawo atatuwa adzalowa mmenemo monga alili. Mlembi wa banki mkhonde angachitenso chimodzimodzi ndi masheya a mamembala.

Ndiye a Phiri akadzabwera atakunga nkhope kuti iwo sanatengepo sopo, musakweze mawu. Apatseni mpando, tsegulani kope, muwafunse mwaulemu kuti, "Kodi bambo, si inu a 012?"