Kachipangizo ka PWM kosinthira liwiro la mota ya batire

Magetsi a ESCOM akathima usiku wa mu Okutobala, ambiri ku Kawale, ku Chinsapo ndi ku Area 25 amathawira ku fani ya 12V yolumikizidwa ku batire ya sola. Fani ikakhala yopanda posinthira liwiro imangopukusa ndi mphamvu zonse, ndipo pofika pakati pa usiku batire yafooka. Amisiri omwe amagula mota ya waipa kwa ogulitsa zitsulo za galimoto ku Biwi, kuti izizungulitsa chopemerera moto, nawonso amadandaula zomwezo.

Pothetsa vutoli pali kachipangizo kokwana m'dzanja, kotchedwa PWM, kokhala ndi kabatani kopotokola ngati ka wailesi.

Mmene kamagwirira ntchito

Taonani wakabaza pamsewu wosalala. Amapalasa, n'kusiya, n'kupalasanso, koma njinga siima. Akafuna kuthamanga amapalasa nthawi yaitali n'kupuma pang'ono. Kachipangizoka kamachita chimodzimodzi: kamatsegula ndi kutseka magetsi maulendo masauzande pa sekondi imodzi, mofulumira moti mota siigwedezeka. Mukapotokola kabatani mukusintha kutalika kwa nthawi yomwe magetsi ali otseguka. Akatseguka theka la nthawi, mota imayenda ngati yalandira 6V, chonsecho batire ndi ya 12V.

Ena amachepetsa liwiro poika resistor kapena waya wa mbaula yamagetsi pakati. Fani imachepadi liwiro, koma gawo la mphamvu za batire limangothera kutenthetsa wayayo. Ndi PWM zotayika n'zochepa, ndipo mota siifooka kwambiri ngakhale ikuyenda pang'onopang'ono.

Kalumikizidwe

Pali pomangira mawaya panayi: pawiri pa batire, pawiri pa mota. Waya wofiira apite pa +, wakuda pa −. Mukasemphanitsa a batire, kachipangizo kangapse nthawi yomweyo. A mota mukasemphanitsa palibe choopsa, ingozungulira chobwerera m'mbuyo. Ikani fyuzi pa waya wofiira, pafupi ndi batire. Musakaike m'chitini chotsekeratu, kamafuna mpweya.

Pogula, werengani nambala ya A, yosonyeza kuchuluka kwa magetsi omwe kachipangizo kangapirire. Mota imakoka magetsi ochuluka kangapo ikamayamba kuzungulira, choncho ya 3A ipezereni kachipangizo ka 10A.

Chenjerani

M'mashopu a zasola mukangoti "PWM" adzakupatsani kabokosi kotchajira batire kuchokera ku panelo. Dzina n'lofanana, ntchito n'zosiyana. Nenani kuti mukufuna ka mota, ndipo muone kabatani kopotokola kaja.

Musayerekeze kukalumikiza ku soketi ya ESCOM ya 230V, kapena ku fani ya pa soketi. N'kamagetsi a batire okha. Timafani ta m'kompyuta ndi timapampu tina tamadzi tili kale ndi zoyendetsera zake m'kati, ndipo nthawi zambiri sitigwirizana nako.

Poyatsa, yambani ndi liwiro lalikulu kenako mutsitse. Kulira kwa "tswii" pa liwiro lochepa kusakuopseni. Koma mota ikamangong'ung'udza osazungulira, kwezani msanga kapena zimitsani, chifukwa mawaya a m'kati mwake akutentha.