Kalendala ya Chakudya: Pabwalo Kapena pa WhatsApp?

Amayi, ndi miyezi iti imene ana a m'mudzi mwanu amasowa ndiwo zabwino? Aliyense ali ndi yankho lake, koma gulu lingathandizane pokhapokha mayankhowo ataonekera pamodzi. Kalendala ya chakudya imathandiza pamenepa.

Kajambulidwe kake

Jambulani pansi mizere 6, uliwonse wa mabokosi 12 oimira miyezi ya pachaka. Kumayambiriro kwa mzere uliwonse ikani chizindikiro cha gulu limodzi la zakudya: chimanga, nyemba, usipa, tsamba la nkhwani, chipatso ndi kabotolo ka mafuta ophikira. M'bokosi lililonse ikani miyala itatu ngati chakudyacho chimapezeka chambiri mwezi umenewo, umodzi ngati chimachepa. Chikamasoweratu, musaikemo kanthu.

Mukakumana pabwalo

Ngakhale mayi wosadziwa kuwerenga amatha kuika mwala wake. Wina akaika miyala itatu pa masamba mu Okutobala chifukwa ali ndi dimba, mnzake wopanda dimba amachotsapo iwiri nafotokoza chifukwa chake. Kutsutsana kumeneku ndiye phunziro. Mabokosi opanda miyala amakuuzani zochita, monga kufutsa masamba nthawi ya dzinja kuti mfutso udzakuthandizeni m'chilimwe. Vuto ndi lakuti amene sanabwere saona kanthu, ndipo mvula kapena mbuzi zimafufuta zonse.

Mukatumiza pa foni

Chithunzi cha pa WhatsApp chimasungika, ndipo chimafika kwa amayi a kutali popanda kulipira minibasi. Koma pa foni palibe amene angasunthe mwala. Ambiri amangoyang'ana n'kukhala chete, ndipo wopanda foni yamakono kapena bandulo amatsalira, chonsecho mwina ndiye amene ana ake akuvutika kwambiri.

Phatikizani njira zonse ziwiri

1. Yambani ndi kujambula pabwalo muli pamodzi.
2. Kopererani papepala lalikulu, ndipo mulijambule ndi foni pamalo owala.
3. Tumizani chithunzicho ndi uthenga wa mawu wochifotokoza.
4. Funsani funso limodzi lokha, monga lakuti, "Kwanuko zipatso zimasowa miyezi iti?"
5. Amene ali ndi foni aonetse anzake opanda foni, natumize mayankho awo.

Pa msonkhano wotsatira, konzani kalendalayo molingana ndi mayankho amene abwera. Kenako sankhani bokosi limodzi lopanda miyala, mugwirizane amene achite chiyani kuti chaka chamawa lisadzakhalenso lopanda kanthu.