Maikolofoni ya besi ndi maikolofoni ya uthenga: phunziro la wayilesi za amateur

Anzanga, ambirife tikamva za maikolofoni timaganiza za ku tchalitchi, ku ukwati kapena pa msonkhano, ndipo timati yabwino ndi imene ikutulutsa mawu onenepa, a besi yogwedeza pachifuwa. Koma alipo malo amene besi yoteroyo imangosokoneza. Malowo ndi pa wayilesi za amateur.

Izi si nyumba zoulutsa mawu ngati MBC ayi. Ndi anthu wamba amene atenga chiphaso kuti azilankhulana okhaokha pa mafunde a wayilesi, osachitapo malonda. Pachingerezi amawatchula kuti ma ham. Aliyense amapatsidwa dzina la pa mphepo lokhala ndi malembo ndi manambala. A kuno ku Malawi limayamba ndi 7Q ndipo chiphaso amapereka ndi a MACRA, pomwe a ku Zambia limayamba ndi 9J. Safuna netiweki ya foni kapena mayunitsi. Wayilesi, batire ndi waya wa eriyo basi, munthu akhoza kumveka kutsidya kwa nyanja, chifukwa mafunde ena amakagunda kumwamba pa ionosphere n'kubwerera pansi kutali. Kungoti mawu oyenda ulendo wotere amafika atatopa, atakwiririka m'phokoso la "shiiii". Apa funso silikhalanso lakuti mawu akukoma bwanji. Funso n'lakuti wakumvayo wagwira zimene mwanena kapena ayi.

Tikumbuke zija za mafunde mu Physics. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya, ndipo timayeza ndi ma hertz, kutanthauza kuti wanjenjemera kangati pa sekondi imodzi. Khutu la wachinyamata limamva kuyambira pa 20 mpaka pafupifupi 20,000 Hz. Wayilesi za FM zimene timamverapo nyimbo zimanyamula mpaka 15,000 Hz, n'chifukwa chake gitala amamveka bwino. Koma ma ham akamalankhula ndi akutali amakonda njira yotchedwa SSB, imene imangolola kuyambira pafupifupi 300 mpaka 2,700 Hz. Ndi kakhomo kakang'ono ndithu. Zonse za pansi ndi za pamwamba pa kakhomoko zimatsala panja. Ndiye maikolofoni yodula imene imagwira bwino 50 Hz kapena 15,000 Hz ikungovutika chabe.

M'kati mwa kakhomoko namonso zinthu sizofanana. Mavawelo, a, e, i, o, u, ndiwo ali ndi mphamvu zambiri, ndipo mphamvuzo zili chakumunsi. Makonsonanti ndi ofooka ndipo zizindikiro zawo zambiri zili chakumtunda, komabe ndiwo amasiyanitsa mawu. Tayesani kunena "samba" ndi "tsamba", "pala" ndi "phala", "sula" ndi "fula". Mavawelo ndi omwewo, kusiyana kwagona pa kaphokoso kakang'ono koyambirirako. Kakatayika, mnzanu amva "ala" basi, n'kumangoganizira ngati mukunena za kadzutsa kapena za thabwa.

Tsono pa SSB mphamvu ya wayilesi imatsatira mawu anu. Mukakhala chete siitulutsa kanthu, mukalankhula imagawa mphamvu molingana ndi zimene maikolofoni yaipatsa. Wayilesi zambiri za ma ham zimatulutsa ma watt 100. Maikolofoni ya besi imathera gawo lalikulu la ma watt amenewa pa kugunda kwa pansi, makonsonanti n'kutsala ndi nyenyeswa. Ine ndimafanizira ndi kupita kumsika pa njinga mutadzaza dengu ndi makoko, chimanga chenichenicho n'kutengako mbale imodzi.

Mitundu imene amaifananitsa kawirikawiri ndi iwiri. Ya dynamic ili ndi kachikopa kopyapyala ngati ka ng'oma, kolumikizidwa ku waya wokulungidwa amene ali pakati pa maginito. Mukalankhula, wayayo amagwedezeka n'kupanga magetsi ochepa, monga mmene dayinamo ya njinga imachitira. Siifuna batire, ndi yolimba, ndipo imagwira kwambiri mawu a pafupi. Shure SM58 ya oimba ija ndi ya mtundu umenewu. Ina ndi ya electret, imene Gerhard Sessler ndi James West anapanga ku Bell Labs mu 1962. Iyi ndi kakang'onong'ono, kotsika mtengo, kofanana ndi kamene kali pa waya wa ma earphone ambiri. Imafuna magetsi pang'ono kuti igwire ntchito, ndipo ndi ya khutu lakuthwa: imatola mawu anu, komanso tambala wa kuseri kwa nyumba ndi mvula ya pa malata. Muyenera kudziwa mtundu umene wayilesi yanu inapangidwira, chifukwa ina imatumiza magetsi pa waya wa maikolofoni pomwe ina siitumiza.

Anzanga ena afunsa kuti nanga yopambana ndi iti. Kwa ine mtundu pawokha suyankha. Chofunika ndi mmene maikolofoniyo imakondera mawu. Bob Heil wa ku America, amene dzina lake la pa mphepo linali K9EID, anakonzerapo zokuzira mawu magulu otchuka a nyimbo monga The Who. Besi ankaidziwa bwino munthu ameneyu. Koma popangira ma ham anzake maikolofoni, anachepetsa dala mawu a pansi n'kukweza a pafupi ndi 2,000 Hz. Kale kwambiri, m'zaka za m'ma 1930, kunabwera Astatic D-104 imene anthu anaipatsa dzina lakuti lollipop chifukwa cha maonekedwe ake, ndipo inakondedwa zaka zambiri chifukwa cha mawu ake akuthwa. Mutaimvera m'chipinda mukhoza kunena kuti ikulira ngati chitini. Pa mphepo, m'kati mwa phokoso, chitinicho n'chimene chimaboola.

Komabe pali malire. Mphamvu zambiri za "s" ndi "f" zili pamwamba pa 4,000 Hz, kunja kwa kakhomo kaja, ndiye palibe maikolofoni ingazipulumutse zonse. N'chifukwa chake ma ham potchula malembo amati Sierra ndi Foxtrot, osangoti S ndi F.

Kagwiridwe nakonso kamasintha zambiri, mwina kuposa mtengo. Maikolofoni zambiri za oimba mukaziyandikitsa kukamwa besi imakula yokha. Mukalunjika pakamwa penipeni, mpweya wa "ph" ndi "th" umamenya kachikopa kaja n'kumveka "bu! bu!", ndipo Chichewa chathuchi chadzaza ndi malembo amenewa. Ndi bwino kuisunga chapambali pa mlomo, motalikira ngati zala ziwiri kapena zitatu. Mukatalikitsa kwambiri mukakamizika kukweza gain, kenako chipinda chonse chilowa nawo. Kukuwa sikuthandiza. Gain ikapyola muyeso mawu amasweka ndipo amatayikira pa mafunde a oyandikana nawo, zimene ma ham amadana nazo kwambiri. Pa wayilesi pamakhala mita yolembedwa ALC yochenjeza zimenezi.

Ife pano tilibe wayilesi ya SSB, koma njira yofananitsira tikhoza kuiyesa. Ine ndinayesa ndi foni ya achimwene anga Loweruka lina. Ndinalemba mawu ofananafanana ngati aja, ndinawajambula kawiri, koyamba ndi maikolofoni ya foniyo, kachiwiri ndi ya pa earphone. Kenako ndinatsegula wayilesi ya kunyumba pa malo opanda siteshoni kuti izichita "shiiii", n'kuwaseweretsa chapansipansi mlongo wanga akulemba zimene wamva. Zojambula zimene ine ndinkaziona ngati zokoma, zonenepa bwino, ndi zimene iye anafunsapo kwambiri kuti "mwati chani?"

Mukamayesa, sinthani chinthu chimodzi chokha. Wolankhula akhale yemweyo, mtunda womwewo, phokoso lomwelo. Mawuwo muwasakanize kuti womvera asaloweze, ndipo musamuuze kuti iyi ndi maikolofoni iti, chifukwa akadziwa yodula aikondera. Musadziweruze nokha, poti mawu anu mumawamvanso kudzera m'mafupa a mutu, ndiye amaoneka a besi kuposa mmene ena amawamvera. Muyesenso ndi mtsikana ndi mnyamata payekhapayekha. Maikolofoni imene yakonza mawu a mnyamata wa besi ikhoza kupangitsa mawu a mtsikana kubaya m'khutu.

Ma ham eniake amapatsana malikisi pa kukambirana kulikonse. Nambala yoyamba, kuyambira 1 mpaka 5, imanena mmene mawu akumvekera, yachiwiri, kuyambira 1 mpaka 9, imanena mphamvu ya mafunde. Akati "five nine" ndiye kuti zonse zili bwino. Akati "three nine" ndiye kuti mwafika mwamphamvu koma akukumvani movutikira, ndipo poyamba kuyang'ana ndi pa maikolofoni ndi gain. Pa mayeso athu a foni tingabwereke nambala yoyambayo: womvera apereke 5 ngati wamva liwu lililonse, 1 ngati sanatolepo kanthu, ndipo pepala la mawu lisaonetsedwe mpaka atamaliza kulemba.